Lipenga Likatsitsa Mawu

Kuno ku Chipata lipenga timalidziwa ngati chida choitanira anthu. Likalira pa perete ya pa 24 Okutobala, kapena bandi ya mpingo ikamadutsa mu Umodzi Highway anyamata ali m'mayunifomu, ana amasiya masewera n'kuthamangira kumsewu, amayi a pamsika nawo amaimika kaye malonda kuti aone. Kutchalitchi timamva za malipenga amene anagwetsa linga la Yeriko ndi za lipenga lotsiriza lodzadzutsa akufa. Kwa ife ndi chida cha asilikali ndi cha chiweruzo, cholira kuti aliyense amve, afune asafune. N'chifukwa chake munthu akamva koyamba lipenga lomweli likulira motsitsa, moleza, amayamba wakayika ngati ndi lipengadi. Ambiri amangoti ndi sakisofoni.

Nyimbo zoterezi amazitcha smooth jazz. Mwazimvapo ngakhale simunafunse dzina: pa loji alendo akamadya chamadzulo, pa ukwati nthawi ya chakudya DJ akafuna kuti anthu amvane polankhula, pa wailesi usiku muulutsi akamadikira nthawi ya nkhani. Ena kuno amangoti nyimbo zopanda mawu. M'mtundu umenewu chida chimene chinatchuka kwambiri ndi sakisofoni, makamaka chifukwa cha Kenny G, koma ine mtima wanga uli pa lipenga. Kukoma kwake kwagona pa mphamvu imene woimba waigwira osaitulutsa. Khutu limadziwa kuti chida ichi chikhoza kudzutsa komboni yonse, koma munthu amene wachinyamula wasankha kulankhula ndi iwe wekha. Mmene zimenezi zimachitikira zimayambira pa milomo.

Lipenga palokha lilibe chotulutsa mawu. Gitala ili ndi nsambo, ng'oma ili ndi chikopa, sakisofoni ili ndi kabango kopyapyala kamene kamanjenjemera mpweya ukadutsa. Lipenga ndi paipi chabe ya mkuwa, yotalika pafupifupi mamita 1.5, yopindidwa kuti igwirike m'manja, yotambasuka kumapeto. Chimene chimalira ndi milomo ya munthuyo. Amaiphatikiza, kuiika pa kakapu kachitsulo, n'kukankha mpweya kuti milomoyo izitseguka ndi kutseka mofulumira kwambiri. Pa liwu lapansi limene wophunzira aliyense amayambira, milomo imatseguka ndi kutseka ka 233 pa sekondi imodzi. Akakwera kufika pa do wapamwamba, ka 466. Paipi ija ntchito yake ndi kulandira kunjenjemerako, kukuwongola ndi kukukuza. Ndiye kuti mukamva lipenga mukumva milomo ya munthu, mano ake, lilime lake ndi chifuwa chake. Anthu awiri atabwerekana lipenga limodzi limalira mosiyana, ndipo amene anazolowera kumvetsera amamuzindikira woimba pa maliwu awiri kapena atatu oyamba.

Amene anaimbapo kwaya ya do-re-mi amvetsa msanga zotsatirazi. Paipi ya utali umodzi imangolola maliwu owerengeka: do, so, do wapamwamba, mi, so, ndi ena okwera kuposa apo. Ichi ndicho chifukwa chake lipenga la asilikali lija lopanda mabatani, lodzutsira anthu m'mawa ku kampu, nyimbo zake zonse zimangozungulira pa maliwu omwewo. Cha m'ma 1810 amisiri awiri a ku Germany, Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel, anapeza njira ya mavalavu, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1830 François Périnet wa ku France anakonza mtundu wa mabatani odina amene tikuwaona lerowa. Batani likadinidwa limatsegula kanjira kowonjezera, mpweya n'kuyenda mtunda wautaliko, liwu n'kutsika. Lapakati limatsitsa theka la sitepe, loyamba sitepe yathunthu, lachitatu sitepe ndi theka. Mabatani atatu okhawo, pothandizana ndi milomo, amatulutsa maliwu onse. Pakadapanda iwo, lipenga lamakonoli silikanatha kuyenda pang'onopang'ono kuchoka pa liwu kupita pa loyandikana nalo monga amachitira munthu woimba ndi pakamwa.

Kuliza lipenga mokweza n'kosavuta poyerekeza ndi kuliliza motsitsa. Mukadutsa pamene bandi ikuyeserera Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango, muimeko pang'ono. Mnyamata watsopano wafufumitsa masaya, misempha ya pakhosi ili njo, lipenga n'kulira kuti phaa! Mphunzitsi, bambo wachikulire amene lipenga lake linasupuka pamene zala zimagwira, amamuimitsa.

"Iwe mwana wanga, usamenyane nalo. Puma kuchokera m'mimba. Gwira liwu limodzi, ulitsitse mpaka litsale ngati ulusi, koma lisaduke."

Mnyamata amayesa. Liwu limatsika, limagwedera, kenako psiti, kwatsala mpweya wokhawokha.

"Likukana, abambo."

"Silikukana ayi. Milomo yako sinakhwime. Bwerezanso."

Kenako mphunzitsi amatsegula kachitseko ka m'munsi mwa paipi, kuuzira, timadzi n'kudontha pa fumbi. Ana oonerera amaseka kuti ndi mate, chonsecho ndi mpweya wofunda wa m'chifuwa umene wasanduka madzi utakhudza chitsulo chozizira.

Vuto limene mnyamatayo wakumana nalo n'lakuti mpweya ukachepa milomo imafuna kuleka kunjenjemera. Kuti liwu lituluke laling'ono koma losagwedera, pafunika kampata kakang'ono kwambiri pakati pa milomo, minofu ya m'mbali mwa kamwa yolimba, ndi mpweya woyenda mosadukiza wochirikizidwa ndi mimba. Zimenezi zimatenga zaka, ndipo woimba akangosiya kuyeserera milungu yochepa milomo imafooka. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Phindu lake limamveka m'kaliridwe. Liwu lililonse lili ndi timawu tina tating'ono tokwera timene timalira pamodzi nalo. Lipenga likaombedwa mwamphamvu timawu timeneti timachuluka, ndipo ndi timene timabweretsa kuthwa kuja kolasa m'makutu.  Likaombedwa moleza timawu tija timachepa, n'kutsala liwu lofunda, lodzaza, lokhala ndi kamphepo m'mbali. Oimba smooth jazz amakonda kukhala pakati ndi pansi, pomwe pamayenda mawu a amayi oimba alito m'kwaya, ndipo kumwamba amapitako mwa apo ndi apo, pamene nyimbo yafikadi poti ikwere.

Kayambidwe ka liwu nakonso n'kosiyana. Wa bandi ya perete amadula liwu lililonse ndi nsonga ya lilime, ta-ta-ta, kuti mapazi a oguba agwere pamodzi. Wa jazi yofewa amati da, kapena lilime osaligwiritsa n'komwe, kungolola mpweya uyambe kuyenda mpaka liwu libadwe lokha. Nthawi zina amadina batani mwatheka kuti liwu literereke lisanafike pamalo pake. Pomaliza amalinjenjemeretsa pang'ono, kapena kulisiya lowongoka mpaka lizime.

Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi kupuma. Woimba kiyibodi kapena gitala akhoza kuyendetsa zala mpaka tambala kulira osaima. Wa lipenga sangathe. Mzere uliwonse wa nyimbo umatha pamene mpweya wathera, ndipo utali wakewo ndi womwewo wa chiganizo chimene munthu amalankhula asanapume. Ichi n'chimene chimachititsa kuti nyimbo yopanda mawu imveke kuti ikunena kanthu. Pamabwera funso, kenako bata, kenako yankho. Pa bata lija womvetsera amaikapo zake. Wina akuganiza za mwana amene ali ku Lusaka osaimba foni, wina za ngongole ya feteleza, wina za mkazi wake amene wakhala naye zaka zambiri osamuuza kuti amamukondabe. Nyimbo ya mawu imakutengera kumene wolemba wafuna. Lipenga limakusiyira malo oti ulowemo ndi nkhani yako, ndipo ndikhulupirira kuti ichi n'chifukwa chake anthu amazifuna nyimbozi madzulo, thupi litatopa, pamene safunanso kuuzidwa kanthu ndi wina aliyense.

Kunong'ona kwa lipenga sikukanafika patali pakadapanda maikolofoni. Jazi inabadwira ku New Orleans, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pakati pa anthu akuda, ndipo lipenga ndilo linkatsogolera chifukwa linkamveka mumsewu ndi m'maholo opanda zokuzira mawu. Louis Armstrong, wobadwa mu 1901, anakulira m'menemo, ndipo ndiye anaonetsa dziko kuti munthu mmodzi akhoza kuimirira patsogolo pa bandi n'kupeka nyimbo pompopompo, lipenga likuyenda monga amayendera mawu ake akamaimba. Chisanafike chaka cha 1925, pojambula mbale za galamafoni oimba ankaima kutsogolo kwa chifanele chachikulu, ndipo mphamvu ya phokoso lawo ndiyo inkasuntha singano yolemba pa phula. Woimba motsitsa ankamira. Maikolofoni itabwera zinthu zinatembenuka: liwu laling'ono likajambulidwa pafupi limadzaza sipika, ndipo timpweya tonse tam'mbali timene munthu wokhala kumbuyo kwa holo sangatimve timafika m'khutu.

Amene anaugwiritsa bwino mwayi umenewu ndi Miles Davis, wobadwa mu 1926. M'zaka za m'ma 1950 anayamba kutseka kukamwa kwa lipenga ndi myuti ya mtundu wa Harmon, kachitini ka aluminiyamu kokhala ndi mkombero wa koko umene umatseka mpata wonse, kotero kuti mpweya umatulukira pa kabowo kamodzi kapakati. Kapaipi kamene kamakhala m'kabowomo iye ankakazula. Kenako ankayandikitsa lipenga pa maikolofoni penipeni. Liwu lotuluka pamenepo ndi lopyapyala, lokhala ndi kazizizi, ndipo Davis ankaimba maliwu ochepa, kusiya mipata ikuluikulu. Iye sanali woimba smooth jazz, koma pafupifupi aliyense amene amaimba lipenga lofewa lero anadutsira kwa iye.

Kazizizi kameneka si kachilendo kwa ife a kum'mawa. Ku Lundazi, komanso kutsidya ku Malawi, amavina mganda, gule amene anabadwa potsanzira perete ya asilikali a atsamunda nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Malipenga ake ndi a zipanda zoboola, ndipo pa bowo amamatapo kansalu koyera ka kangaude kaja kopezeka pakhoma, masiku ano kapepala ka pulasitiki. Woimba amaimbira m'chipandamo, kansalu n'kumanjenjemera, liwu n'kutuluka lokanda pang'ono. Osema kalimba nawo amachita chimodzimodzi, ena mpaka kukhomerapo zitsekerero za mabotolo. Makolo athu liwu loyera mbee sankalikhutira nalo, ankaliwonjezera dala kakukanda. Munthu wokulira m'zimenezi akamva lipenga la myuti khutu lake limalilandira msanga.

Mnzake wa Davis pa nkhani yofewetsa lipenga anali Chet Baker, amene ankaimbanso ndi pakamwa ndi mawu otsika omwewo, moti kusiyana kwa mawu ake ndi lipenga lake kunali kochepa. Moyo wake unasokonezeka ndi mankhwala ozunguza bongo. Cha m'ma 1960 anamenyedwa mpaka mano kuwonongeka, ndipo popeza milomo ya woimba lipenga imatsamira pa mano, anayenera kuphunziranso kuliza ndi mano oikirira. Anabwereradi, n'kuimba mpaka imfa yake ku Amsterdam mu 1988. M'zimbale za kumapetoko mphamvu ndi yochepa, mpweya ukumveka kuthawira m'mbali, koma mzere uliwonse uli pamalo pake. Ine zimenezo zimandikhudza kuposa za unyamata wake.

Smooth jazz yeniyeni inabwera mochedwa, ndipo inabwera chifukwa jazi inali itataya anthu. M'zaka za m'ma 1940 Dizzy Gillespie ndi Charlie Parker anabweretsa bebop, jazi yothamanga, ya makodi (maliwu angapo olizidwa pamodzi) osinthasintha, yofuna kukhala pansi n'kuitchera khutu. Inali ya luso lodabwitsa, koma ovina anayamba kuitalikira, ndipo pofika m'ma 1960 achinyamata anali atatengeka ndi rock ndi soul. Ena mwa ojambula nyimbo anaganiza zobweza anthuwo. Creed Taylor, ndi kampani yake ya CTI, cha m'ma 1970 ankatenga akatswiri a jazi monga Freddie Hubbard n'kuwaika pamwamba pa besi yamagetsi, kiyibodi ndi mavayolini. Mu 1987 wailesi ya KTWV ku Los Angeles inasintha n'kuyamba kuulutsa nyimbo za mtundu umenewu tsiku lonse, mawailesi ena m'mizinda ya America n'kutsatira, ndipo dzina loti smooth jazz linakhazikika m'nyengo imeneyo. Mawailesiwo ankafuna nyimbo zazifupi, zosadzidzimutsa, zoti munthu azimva ali mu ofesi kapena m'galimoto. Zabwino ndi zoipa za mtunduwu zinachokera pomwepo.

Nyimbo ziwiri za malipenga zinatsegula njira mawailesiwo asanabwere. Yoyamba ndi Feels So Good ya Chuck Mangione, ya mu 1977, imene chaka chotsatira inafika pa nambala 4 pa nyimbo zotchuka ku America. Mangione ankaimba flugelhorn, m'bale wake wa lipenga. Utali wa paipi ndi mabatani n'zofanana, koma paipi ya flugelhorn imayamba kukula msanga, kukamwa kwake n'kwakukulu, kakapu ka pamilomo n'kozama. Zimenezi zimameza timawu takuthwa tija, moti ngakhale woimba aombe mwamphamvu liwu silibaya. Zambiri zimene anthu amati ndi lipenga mu smooth jazz ndi flugelhorn. Yachiwiri ndi Rise ya Herb Alpert, imene inafika pa nambala 1 mu 1979, nthawi imene disiko inali pachimake. Alpert anatsitsa liwiro kufika pa kugunda pafupifupi 100 pa mphindi, besi n'kumayenda molemera, lipenga likubwereza kamzere kamodzi koti ngakhale mwana akhoza kukaimba mluzu. Mu 1997 The Notorious B.I.G. anatengamo chigawo n'kumangapo nyimbo yake ya rap, ndiye achinyamata ambiri amaidziwa besi ija osadziwa mwini wake.

Pansi pa lipenga pamakhala bandi imene ntchito yake ndi kusasokoneza. Jazi yakale ili ndi kayendedwe kodumphira, ndipo woimba madiramu amacheza ndi wa lipenga, kumuyankha ndi kumukankha. Mu smooth jazz kugunda n'kowongoka, kochokera ku soul ndi funk: pa kuwerenga kwa 1, 2, 3, 4, ng'oma yaing'ono imagwa pa 2 ndi pa 4, osasintha. Makodi ndi ochepa, nthawi zambiri awiri kapena anayi obwerezabwereza, koma ndi odzaza, okhala ndi maliwu owonjezera amene amachititsa kuti asamveke osangalala kwenikweni kapena achisoni kwenikweni. Mutu wa nyimbo kawirikawiri umamangidwa pa maliwu asanu, do, re, mi, so, la, amene munthu amawagwira msanga. Woimba amaunena mutuwo momveka, kuubwereza, kenako kuyamba kuukongoletsa pang'onopang'ono osautaya, gitala kapena kiyibodi ikuvomereza m'mipata. Kutsogolera ndi kuvomereza kumeneku tikukudziwa kuyambira pa chitelele mpaka pa nyimbo za pamaliro. Womvetsera sasochera, amadziwa pamene ali, ndipo chifukwa sakulimbana ndi kutsatira, khutu lake limamasuka kumva tizinthu tating'ono: kachedwedwe ka liwu, katererekedwe, kapumidwe.

Pa nkhani imeneyi ife a kum'mwera kwa Africa tili ndi munthu wathu. Hugh Masekela anabadwira ku Witbank, ku South Africa, mu 1939. Lipenga lake loyamba analandira ali ndi zaka 14 kuchokera kwa wansembe Trevor Huddleston, ndipo mu 1956 Armstrong mwini anatumiza lipenga kwa anyamata a Huddleston, n'kugwera m'manja mwa Masekela. Anachoka kwawo mu 1960, chaka cha kuphedwa kwa anthu ku Sharpeville, nakaphunzira ku Manhattan School of Music ku New York. Kumeneko akuluakulu a jazi anamulimbikitsa kuti aziimba za kwawo m'malo motsanzira iwo. Mu 1968 nyimbo yake Grazing in the Grass inafika pa nambala 1 ku America, ndipo ganizo lake, ndi kabelu ka ng'ombe kaja koyambira, linachokera pa mbale ina imene anaimva kuno ku Zambia. Mutu wake ndi waufupi, wosavuta, makodi ochepa obwerezabwereza, zonse zimene smooth jazz inadzatenga pambuyo pake, ngakhale kuti iye mwini sungamutsekere m'khola limenelo.

Amene akuganiza kuti lipenga lofewa n'longotonthoza amvetsere Stimela, imene Masekela anaijambula koyamba mu 1974. Ndi nyimbo ya sitima yonyamula amuna kuchokera ku Zambia, Malawi, Mozambique ndi maiko ena kupita ku migodi ya ku Johannesburg. Kuno kum'mawa palibe mudzi umene sudziwa za ulendo wotere. Azigogo athu ankachoka ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, kukafuna ndalama ya msonkho ku mafamu ndi migodi ya kum'mwera, ena ku Copperbelt, ndipo ena anakhala matchona, osabweranso. Masekela amayamba ndi kulankhula, amatsanzira kulira kwa sitima ndi pakamwa, ng'oma zimakwera mpaka pachimake, kenako flugelhorn imalowa motsika, mosathamanga. Ukali wonse uli momwemo, koma wagwiridwa. Akanakuwa kuyambira poyamba, bwenzi titamva phokoso n'kuiwala. Anabwerera kwawo mu 1990, ndipo anamwalira ku Johannesburg pa 23 Januwale 2018.

Otsutsa smooth jazz alipo ambiri, makamaka pakati pa oimba jazi eniake, ndipo zina zimene amanena n'zoona. Amati kupeka pompopompo, kumene ndiwo mtima wa jazi, kunachepetsedwa kuti nyimbo ikwane pa wailesi. Amati mabandi ambiri analowedwa m'malo ndi makina oliza ng'oma. Mkangano unafika poipa pamene Kenny G, mu 1999, anaika sakisofoni yake pamwamba pa nyimbo yojambulidwa kale ya Armstrong, ndipo woimba gitala Pat Metheny anamudzudzula kwambiri poyera chaka chotsatira. Ine ndimagwirizana nawo kuti nyimbo zambiri za mtunduwu zinapangidwa mongodzaza nthawi, ndipo ukamva imodzi wamva zonse. Pamene ndimasiyana nawo m'pamene amati kuphweka kwa nyimbo ndiko kusowa luso. Mzere wa maliwu asanu ndi limodzi woimbidwa pang'onopang'ono ulibe pobisala. Wothamanga akaphonya liwu, lina lafika kale kudzaphimba. Woimba moleza akangogwedera milomo aliyense wamva. Chris Botti, amene anayenda zaka zingapo ndi bandi ya Sting, woimba wa ku Britain, n'kudzalandira mphoto ya Grammy mu 2013, ena amamunyoza kuti ndi wa m'mahotela, koma yesani kugwira liwu limodzi lalitali, loyera, lotsika monga amachitira iyeyo, muone ngati n'zamasewera. Rick Braun ndi wina wolimba pa ntchitoyi. Roy Hargrove, amene anamwalira mu 2018, ankaimba jazi yovuta ija bwinobwino, koma akatenga flugelhorn pa nyimbo yodekha ankafewa kuposa onse.

Masiku ano pa YouTube padzaza nyimbo za maola atatu kapena anayi zolembedwa kuti lipenga lotsitsimula, ndi chithunzi cha khofi kapena mvula pa windo, popanda dzina la woimba. Zina mwa izo ndi za kiyibodi yotsanzira lipenga, zina n'zopangidwa ndi kompyuta. Kuzindikira sikuvuta. Tcherani khutu pa mathero a mzere: kodi pali pamene munthu wakoka mpweya? Liwu lomwelo likabwerezedwa, kodi likutuluka mofanana ndendende ulendo uliwonse? Munthu sangatero, milomo yake imasintha pang'ono nthawi zonse. Onaninso ngati eko yachuluka mpaka kubisa chiyambi cha liwu. Eko yapang'ono ndi yabwino, imalipatsa lipenga malo, koma ikachuluka nthawi zambiri ikuphimba kanthu. Sindikunena kuti n'kulakwa kuziika powerenga kapena pogona. Koma munthu asaweruze mtundu wonse potengera zimenezo, ndipo bandulo yake ndi bwino aigwiritse pa nyimbo ya munthu wodziwika dzina.

Kamvetseredwe nakonso kali ndi gawo. Sipika ya foni imataya besi n'kukuza timawu takuthwa, ndiye kuti imachotsa chenichenicho chimene woimba anavutikira zaka. Timahedifoni ta m'makutu, ngakhale totsika mtengo ta pa Kapata, timabweza zambiri. Pa sipika yaikulu musakweze besi monga mumachitira pa amapiano, ndipo voliyumu ikhale poti mukhoza kulankhula ndi mnzanu osakuwa. Malaiti akapita madzulo, mafiriji ndi ma TV a komboni yonse atazima, ndiyo nthawi imene kampweya ka m'mbali mwa liwu kamamveka bwino.

Chimene ndimalakalaka n'chakuti oliza malipenga a kuno atenge langizo limene Masekela anapatsidwa ku New York. Anyamata ndi atsikana odziwa mabatani alipo, ophunzira m'mipingo ndi m'masukulu, ndipo ambiri akafuna kuimba zofewa amathamangira kuloweza nyimbo za ku America liwu ndi liwu. Chonsecho nyimbo zoyenera lipenga tili nazo kale. Nyimbo ya pamtondo mzere wake ndi waufupi chifukwa woimbayo akusinja, mpweya wake ndi wowerengeka, ndipo mnzake amamulandira pamene iye akupuma. Nyimbo zotonthozera mwana zimayenda pa maliwu ochepa oyandikana, zotsika kumapeto. Zimenezi zikhoza kulowa pa flugelhorn kapena pa lipenga la myuti osasintha kanthu. Pafunika woimba besi wodziwa kalindula amene angavomere kutsitsa liwiro, wa ng'oma woleza dzanja, ndi situdiyo yokhala ndi maikolofoni imodzi yabwino yoikidwa pafupi ndi kukamwa kwa lipenga, mopendekera pang'ono kuti mpweya usaimenye.